Zolakwika m'mabuku a pakompyuta: mlandu ngwa yani?

M'chaka cha 2012 owerenga ena ku America adadabwa ndi buku la Leo Tolstoy lotchedwa War and Peace, lomwe adagula kuti aziwerengera pa makina a Nook. Pamene womasulira adalemba mawu a Chingerezi akuti "kindled", otanthauza kukoleza moto, padali mawu achilendo akuti "Nookd". Zidaoneka kuti bukulo lidayamba lakonzedwera makina a Kindle, ndipo polisamutsa, wokonzayo adalamula kompyuta kuti paliponse pali dzina la Kindle iikepo la Nook. Kompyuta idamvera, koma padalibe munthu amene adawerenganso ntchitoyo isadagulitsidwe.

Nkhaniyi ikutithandiza kuyankha funso limene alembi, akonzi ndi aphunzitsi amafunsa kawirikawiri: buku la pakompyuta likadzala ndi zolakwika, tiloze chala yani?

Zolakwikazi zimalowa m'njira ziwiri. Yoyamba, buku lakale lopanda kope la pakompyuta limajambulidwa tsamba ndi tsamba, kenaka makina amasandutsa zithunzizo kukhala malembo. Makinawo amangoyerekeza maonekedwe, motero lembo la l amatha kuliyesa nambala 1. Yachiwiri, buku latsopano posamutsidwa limataya zina: ndime ziwiri zimalumikizana, ndipo mdulamawu umene udali kumapeto kwa mzere umapezeka pakati pa chiganizo.

M'Chichewa vutoli n'lalikulu koposa chifukwa cha nkhodolero. Kachizindikiro aka n'kakang'ono, ndipo papepala lakale kamaoneka ngati kadontho ka litsiro. Kakasowa, ng'oma yovinira imasanduka ngoma, nyama ya m'tchire. Makina ofufuza kalembedwe sangaone cholakwa apa, pakuti onse awiri ndi mawu enieni. Mwana wa sukulu amene waona "ngombe" kakhumi m'buku adzalemba chomwecho pa mayeso, ndipo mphunzitsi akamuchonga, adzaloza buku ngati mboni yake. Ntchito yokhazikitsa kalembedwe, imene Chichewa Board idayamba m'chaka cha 1972, ingafumbwe mwakachetechete m'njira imeneyi.

Ena amati olakwa ndi makina. Maganizo amenewa ngopepuka, chifukwa chipangizo sichiyankha mlandu. Amayankha ndi amene wachigwiritsa ntchito. Ena amaloza mlembi. Iyeyu alidi ndi udindo wopereka zolemba zosamalika, koma nkhodolero imene yasowa posamutsa buku idalipo m'zolemba zake. Wogulitsa naye ali ndi mbali yake, yolandira madandaulo ndi kuchotsa pamsika buku loonongeka, komabe sangawerenge buku lililonse limene amagulitsa.

Mlandu waukulu, tsono, ngwa wosindikiza. Ndiye amasankha wosamutsa buku, ndiye amagamula ngati mkonzi alipidwe kuti awerengenso, ndiponso ndiye amavomereza kuti buku lituluke. Akasiya kuwerengetsa pofuna kupulumutsa ndalama, wasankha yekha kuti owerenga ndiwo apeze zolakwikazo atalipira kale. Mlembi amene amadzisindikizira yekha asadzinamize: wavala chipewa cha wosindikiza, ndipo mlanduwu ngwake.

Ife akonzi tisasambe m'manja. Ambirife timayesa kuti ntchito yatha tikasainira kope lopita kumakina osindikizira. Kope la pakompyuta ndi lina, ndipo liyenera kuwerengedwa palokha, pafoni kapena pa makina omwewo amene owerenga adzagwiritse ntchito, ndi munthu wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa. Mfundo imeneyi izilembedwa m'pangano la pakati pa mlembi ndi wosindikiza, ndipo dzina la mkonzi wa kopelo lizioneka m'buku.

Ubwino wa buku la pakompyuta ngwakuti likhoza kukonzedwa popanda kutaya mapepala. Choncho aphunzitsi akapeza zolakwika azilemba pamndandanda n'kutumiza kwa wosindikiza. Koma mwayi wokonza mawa usakhale chifukwa chotulutsira buku losapsa lero. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhodolero nayo imafuna maso odekha.