Kalulu wa m'Thumba la Anna: Maganizo pa Buku la Edmund de Waal

Munthu amene wangofika kumene m'dziko lachilendo amayenda ndi maso a njala. Nyumba zakale, misika, matchalitchi, zonse amazimeza osatafuna. Koma zimakhala bwanji ngati malo amene akuwayang'ana mwachidwiwo ndi omwe makolo ake anapirikitsidwamo mwankhanza? Pamenepo munthu mmodzi yemweyo amakhala mlendo wodzaona malo ndiponso namfedwa, ndipo awiriwa sayenda mofanana. Ndi pa mfundo imeneyi pamene tifuna kuyesa buku la Edmund de Waal lotchedwa The Hare with Amber Eyes, lomwe linatuluka mu 2010.

De Waal, wobadwa mu 1964, ndi woumba mbiya wa ku England, mwana wa Victor de Waal, wansembe wa mpingo wa Anglikani amene anali mkulu wa tchalitchi chachikulu cha ku Canterbury. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anakakhala ku Tokyo kukaphunzira chinenero ndi luso lake la kuumba. Kumeneko ankachezera mlungu ndi mlungu mlongo wa agogo ake aakazi, Ignace Ephrussi, nkhalamba yachiyuda yobadwira ku Vienna, imene inakhala ku Japan kuyambira mu 1947. M'nyumba ya nkhalambayi munali kabati ya galasi yosungiramo tizosema 264 ta mtengo ndi minyanga ya njovu, totchedwa netsuke, timene amuna a ku Japan ankamangirira ku chingwe cha kathumba kuti kasapulumuke pa lamba. Kamodzi mwa ito ndi kakalulu koyera ka maso onyezimira, kamene kanapatsa bukuli dzina. Nkhalambayi itamwalira mu 1994, tizosemato tinagwera m'manja mwa de Waal, ndipo iye anaganiza zolondola mapazi a tizosemato m'nyumba zonse zimene tinakhalamo.

Banja la Ephrussi linachokera ku Berdichev, nkulemerera ku Odessa ndi malonda a tirigu, kenaka nkutumiza ana ake ku Vienna ndi ku Paris kukatsegula mabanki. Charles Ephrussi, wa ku Paris, ndiye anagula tizosemato m'zaka za m'ma 1870. Anali bwenzi la akatswiri ojambula, ndipo pali nkhani yokoma yakuti Manet atamugulitsa chithunzi cha mtolo wa katsitsumzukwa pa mtengo wa mafranki 800, Charles analipira 1,000, tsono Manet anamutumizira kachithunzi kena ka phesi limodzi lokha ngati basera. Koma pamene mlandu wa Dreyfus, msilikali wachiyuda wonamiziridwa kuti wagulitsa dziko, unagawa France kuyambira mu 1894, ena mwa amene ankadya m'mbale imodzi ndi Charles anamufulatira. Mu 1899 iye anatumiza tizosemato ku Vienna ngati mphatso ya ukwati wa Viktor Ephrussi ndi Emmy, ndipo tinakakhala m'chipinda chovaliramo mkwatibwi, mmene ana ankaloledwa kuseweretsa madzulo.

Mphamvu ya bukuli yagona pa kayendedwe ka mlembi. Iye anena poyambirira pomwe kuti safuna kulemba nkhani ya chisoni chotsekemera chokumbukira ulemerero wotayika, ndipo kwakukulu wasunga mau ake. Akafika pa nyumba ya makolo amaima kunja kaye, nkuyesa kutalika kwa msewu ndi mapazi ake, nkufunsa kuti munthu wa m'chipinda chakuti ankaona chiyani pa zenera. Akagwira chinthu amafuna kudziwa kulemera kwake ndi amene anachigwirapo iye asanabadwe. Awa ndi manja a woumba, ndipo amamuteteza ku mtima wa mlendo wongojambula zithunzi. Nyumba yaikulu ya Ephrussi pa msewu wa Ringstrasse anaipeza ili maofesi a kampani ya juga, ndipo sadziguguda pachifuwa, amangotionetsa. Ndime imene yatikhudza koposa ndi ya m'nyumba yosungira makaundula a Ayuda a ku Vienna. Kumeneko apeza maina a makolo ake atadindidwa maina ena pamwamba, pakuti lamulo la chipani cha Nazi la mu 1938 linakakamiza Myuda aliyense wamwamuna kutchedwanso Israel, ndi wamkazi Sara. Ife amene timatchula maina awiriwa pa guwa sitingawerenge tsamba limeneli mtima uli m'malo.

M'mwezi wa March 1938 Austria inamezedwa ndi Germany. Nyumba, banki, mabuku ndi zithunzi za banjali zinalandidwa. Emmy anafa chaka chomwecho, Viktor anathawira ku England kumene anamwalira mu 1945. Monga banja limasimbira, wantchito wa Emmy dzina lake Anna, amene sanali Myuda, ankatenga tizosemato tiwiri titatu nkuika m'thumba la epuloni yake, nkukabisa m'matiresi, kufikira tonse tinatha m'kabati. Nkhondo itatha anatipereka kwa Elisabeth, agogo a mlembi.

Apa ndi pomwe tiyenera kulankhula mosapsatira. De Waal avomera yekha kuti sadziwa ngakhale dzina la bambo wa Anna, ndipo kuvomerako nkwaulemu. Komatu vutoli silili pa Anna yekha, lili m'njira yonse ya bukuli. Katundu amakumbukira mwini wake basi. Wolondola mapazi a katundu adzafika ku nyumba za olemera, zimene zilipobe, zimene mlendo angathe kuzizungulira ali ndi mapu m'manja. Ayuda osauka a ku Leopoldstadt, ambiri a iwo ochokera ku Galicia, sanasiye kabati ya galasi, ndipo m'bukuli amangooneka chapatali. Pa Ayuda a ku Austria pafupifupi 65,000 amene anaphedwa, ndi angati anasiya kanthu kogwirika m'manja? Masamba ochuluka onena za mipando, nsalu ndi madiresi a Emmy ndi okoma ndithu, mwina okoma mopitirira, kotero kuti wowerenga wosachenjera angayambe kulira nyumba m'malo molira anthu. Buku la Daniel Mendelsohn, The Lost, la mu 2006, limayenda njira ina: iye afufuza abale asanu ndi mmodzi ophedwa a ku Bolechów, amene sanasiye chuma koma makalata ochepa, ndipo ayenera kupita mpaka ku Australia ndi ku Israel kukamva kwa nkhalamba zopulumuka. Buku limenelo ndi lalitali ndi lolemetsa, koma limayandikira kwambiri anthu wamba. Tingalangize kuti awiriwa awerengedwe motsatana.

Palinso china chimene mlembi sakhalitsapo, koma ife sitingachilambalale. Moyang'anana ndi nyumba ya Ephrussi pali tchalitchi chachikatolika cha Votivkirche. Karl Lueger, mfumu ya mzinda wa Vienna kuyambira mu 1897 mpaka mu 1910, anakwera pa mpando ndi mau onyoza Ayuda ndiponso ndi mavoti a Akatolika. Ku Paris, nyuzipepala ya La Croix, ya ansembe a chipani cha Assumption, inali pakati pa amene anathira mafuta pa moto wa mlandu wa Dreyfus. Mu March 1938 Kardinala Innitzer anakaonana ndi Hitler, ndipo maepiskopi a ku Austria analimbikitsa akhristu kuvomereza mgwirizano ndi Germany. Nzoona kuti Kardinalayo pambuyo pake anazunzidwa ndi achinyamata a Nazi, nathandiza ena mwa othawa, koma nyumba ya Viktor inali italandidwa kale. Chikalata cha Nostra Aetate cha mu 1965 chinatsutsa chidani chonse cholimbana ndi Ayuda, ndipo mabuku ngati ili amatithandiza kuona chimene kwenikweni chinkatsutsidwacho. Ena mwa ife amene amatumizidwa kukaphunzira ku Roma amayendayenda masabata oyamba kuona mzinda. Akadutsa ku Portico d'Ottavia akudutsa pa malo amene Papa Paulo wachinayi anatsekera Ayuda mu 1555, ndiponso pamene Ayuda opitirira 1,000 anagwidwa pa 16 October 1943.

De Waal mwini sanakulire m'chipembedzo chachiyuda, ndipo sadzitcha chimene sali. Komabe pa maliro a Ignace, m'kachisi wa Chibuda ku Tokyo, iye ananena Kaddish, pemphero la Ayuda la pa maliro, lomwe silitchula imfa konse koma limangolemekeza dzina la Mulungu. Bukuli litatchuka, banjali silinaumirire chuma chake. Mu 2018 linagulitsa tizosema 79 kuti ndalama zake zithandize anthu othawa kwao, ndipo tina 157 linabwereketsa ku nyumba yosungira mbiri ya Ayuda ku Vienna, mzinda womwewo umene tinatulukamo nkhondo itatha.