KODI MAYESO A CIBADWA AMAULULA KHALIDWE LATHU?

Mwezi watha, mlembi wa gulu lathu anakalipira mtsikana wina pamaso pa anthu onse cifukwa coiwala buku la ndalama. Titamufunsa pambuyo pake, anayankha mosatekeseka kuti, "Musadabwe, ine ndine choleric." Mtsikanayo sanabwerenso kumsonkhano mpaka lero. Ici ndi cimene candicititsa kulembako za mapepala a mafunso aja amene timakonda kuyankha m'magulu mwathu.

Ambiri a ife tinawadziwira m'buku la Tim LaHaye, mbusa wa ku America, lochedwa Spirit-Controlled Temperament, limene linatuluka mu 1966. Bukuli limagawa anthu panayi: sanguine wocezeka, choleric wokonda kutsogolera koma wa mtima wapacala, melancholy woganiza mozama, ndi phlegmatic wodekha. M'buku lina la 1971, LaHaye anaika Petro, Paulo, Mose ndi Abrahamu m'magulu anayiwa, motero acinyamata ena amayesa kuti nkhaniyi ndi ya m'Baibulo. Iai. Inacokera kwa asing'anga akale, Hippocrates ndi Galen, amene ankakhulupirira kuti m'thupi muli madzi a mitundu inayi olamulira mtima wa munthu: magazi, ndulu yacikasu, ndulu yakuda ndi makhololo. Madokotala anataya kalekale ciphunzitso cimeneci.

Mayeso ena ochuka ndi a Myers-Briggs, amene Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Myers anakonza potsata maganizo a Carl Jung a mu 1921. Awa amagawa anthu m'magulu 16. Vuto lake ndi lakuti amakukakamiza kugwera mbali imodzi ngakhale uli pakati, ndipo ambiri akawabwereza patapita milungu yocepa amapezeka ali m'gulu lina.

Nanga n'cifukwa ciani timaona ngati pepala latidziwa bwino? Mu 1948 mphunzitsi wina, Bertram Forer, anayesa ophunzira ake, kenako n'kupatsa aliyense zotsatira zake. Pafupifupi onse anavomera kuti zinali zoona. Koma onsewo anali atalandira mau amodzimodzi! Mau okomera aliyense sativuta kuwakhulupirira.

Sindikunena kuti mayesowa alibe phindu. Ndaonapo mnyamata wofatsa akumasuka atazindikira kuti kusakonda kulankhula pagulu si chimo. Amathandizanso pogawana nchito: wina aime kutsogolo, wina asunge mabuku. Ndiponso LaHaye mwiniwake sanalembe kuti tizinyadira zofooka zathu, koma kuti tizigonjetse mothandizidwa ndi Mzimu Woyera. Ife tinatola maina anayi aja, n'kusiya phunziro lake.

Koma mfundo yaikulu ndi iyi: cibadwa ndi khalidwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pepala limafunsa ngati umakonda khamu la anthu kapena kukhala wekha. Silingadziwe ngati umabweza chenji amai akakutuma kumsika. Ndiponso woyankha ndiwe wemwe, ndipo wabodza sacedwa kuconga kuti amanena zoona. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali akuba ofatsa, palinso anthu okhulupirika olongolola. Petro anakana Ambuye katatu, koma sanabisale kumbuyo kwa cibadwa cake. Analira ndi kusintha.

Conco anzanga, tiyeni tigwiritse nchito mapepalawa pocezerana ndi kudziwana, osati poweruza amene ayenera kukhala msungicuma kapena amene tingamange naye banja. Khalidwe limadziwika pakupita kwa nthawi, ndipo mboni zake ndi anthu amene timakhala nawo. Mlembi wathu angakhaledi choleric, koma ali ndi ngongole ya kupepesa, ndipo nyumba ya mtsikana uja akuidziwa.

Zokambirana pagulu: Ndi cofooka citi cimene mumacikhululukira ponena kuti "ndi mmene ndinabadwira"? Kodi a kunyumba kwanu angavomereze zimene munaconga papepala?