Mawu Oti "Chibowo cha Ozoni" Ngosokeretsa

Alembi ambiri azolowera kunena kuti kumwamba kuli "chibowo cha ozoni". Mawuwa ngosokeretsa. Mwana wa ku Karonga, kumene dzuwa limaswa mtengo, angaganize kuti kutenthako kukudzera pa chibowocho. Chonsecho chimene Farman ndi anzake adalengeza mu 1985 ndi kupyapyala kwa ozoni pamwamba pa Antarctica. Mawu oti "kupyapyala" ndiwo oyenera kulembedwa m'mabuku.

Ozoni amayamwa cheza chosaoneka cha dzuwa, chija chiwaula khungu. Chida cha Dobson chimayerekeza cheza choyamwidwa kwambiri ndi choyamwidwa pang'ono, ndipo kusiyanako kumapereka muyeso. Masetilaiti amayeza cheza chobwerera kumwamba. Akatswiri amati "chibowo" muyeso ukachepera mayunitsi 220 a Dobson. Pamenepo ozoni amakhala alipobe.